Chiponde cha Apongozi

1. Ukayambe ndi mtedza

"Ukakafika ku Bangweko usakayambe ndi moni. Ukayambe ndi mtedza."

Mawu amenewa ndinamuuza mdzukulu wanga Olive m'mawa wa Loweruka lija, akusambitsa mwana wake Eddie m'beseni pakhonde pathu ku Manje. Iye anangoseka.

"Agogo, munthu angalowe m'nyumba ya apongozi akukuwa kuti 'Mtedza! Mtedza!' ngati wogulitsa malonda pa siteji?"

"Kuwa, akuseke. Kusekedwa sikunaphepo munthu."

Olive ndinamulera ndine chimwalirire mayi ake. Anasiyira sukulu mu Fomu 3 chifukwa cha mimba, ndipo tsopano anali ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Bambo wa mwanayo, Herbert, ndi kondakitala wa minibasi. Mnyamatayo mimba sanaikane, ndipo sopo ankabweretsa, koma mayi ake anakwiya mpaka osabwera kudzaona khanda. Ndiye sabata imeneyo kunafika uthenga woti, "Abwere naye mwanayo tidzamuone, kenako tikambe za chinkhoswe." Olive anasowa tulo ndi chimwemwe. Ine ndinasowa tulo ndi mantha.

Eddie ali ndi mavuto awiri. Loyamba ndi la khungu. Atakwana miyezi itatu masaya ake anayamba kuuma n'kumang'aluka ngati dothi la padambo mu Okutobala. Kenako zinafika m'khosi, m'zigongono ndi kuseri kwa mawondo. Anansi anati ndi tsempho. Koma anamwino a ku sikelo anati ndi chikanga, sichipatsirana, ndipo palibe amene analakwa. Anatiphunzitsa kumusambitsa ndi madzi ofunda pang'ono, osamukhula, osamupaka sopo wonunkhira. Akangotuluka m'madzi timamudzoza vaselini wopanda fungo thupi lonse, mpaka amanyezimira ngati mandasi otentha. Zikhadabo timazidula pafupipafupi kuti asadzikande mpaka magazi.

Vuto lachiwiri ndi limene linkandiopsa. Tsiku loyamba kumupatsa phala la nsinjiro, asanalimalize n'komwe, thupi lonse linatuluka ziwengo, n'kusanza. Adokotala anati mtedza umamuwenga, ndipo ulendo wina zikhoza kudzafika pakhosi.

"Tamvera, Olive," ndinatero ndikumupatsa thaulo. "Mwana salankhula. Pakamwa pake ndiwe. Anthu akamukonda mwana amamukonda ndi chakudya. Wina amupatsa kabisiketi, wina amunyambititsa supuni, wina amutafunira. Onsewo ndi a mtima wabwino, palibe mfiti pamenepo. Ndiye iwe usadikire kuti akufunse. Nena poyera, onse amve, ngakhale ana a m'nyumbamo. Nena kuti nsinjiro ayi, chiponde ayi, ndiwo zotendera ayi, ngakhale kochepa bwanji. Wogwira mtedza asambe m'manja asanamunyamule. Ndipo ukaona milomo ikutupa, kapena kupuma kwake kukulira ngati kamluzu, usamumwetse kanthu, usadikire Herbert, usapemphe chilolezo kwa munthu. Thamanga naye kuchipatala. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

"Wamva ndi makutu kapena ndi mtima?"

"Inu agogo mumaopa chilichonse. Kamtambo kakangokhala paphiri la Soche mumapinda mabulangeti kuti tithawire kutchalitchi. Mpando wakutsogolo m'minibasi mumauopa. Mphaka wa anzathu mumamuopa. Dzulo munati ndisamuyang'anitse pagalasi."

N'zoona, ndimaopa. Amene anaona phiri likutsika ndi miyala nthawi ya namondwe uja Freddy, n'kukokolola nyumba za anthu amene tinkabwerekana nawo mchere, mantha samuthera. Koma ndinamugwira dzanja.

"Za galasi uiwale. Za mphaka uiwale. Za mtedza zokha usaiwale."

2. Juzi ya ubweya

Atatha kumudzoza, Olive anatulutsa juzi ya ubweya ya manja aatali, buluku lake ndi chipewa chake. Kunja dzuwa linali litayamba kale kuswa mtengo.

"Chimenecho n'chiyani?" ndinafunsa. "Anamwino aja sanati ubweya ndi thukuta ndi zimene zimautsa chikanga? Muveke kamalaya kake kopepuka kaja."

"Kaja kamaonetsa zigongono."

"Zioneke. Ndi zake."

Olive anakhala pansi, juziyo ili pamiyendo. Nkhope inagwa.

"Agogo, simukudziwa. Herbert anaonetsa chithunzi cha Eddie kwa mlongo wake Brenda pa foni. Brenda anati, 'Kwathu kulibe khungu lotere. Aise, unafufuza bwinobwino kuti ndi wako?' Ndiye mayi awo mukuwadziwa ntchito yawo. Amakazinga mtedza, kusinja, n'kumagulitsa chiponde ndi nsinjiro mumsika. Ana awo onse anakula ndi mtedza. Ine ndikangofika n'kunena kuti mdzukulu wanu mtedza umamuwenga, akati chiyani? Akati magazi si awo."

"Nanga Herbert sanawauze?"

"Ankafuna kuwauza. Ndinamuletsa. Ndinati ndikanena ndekha, akayamba andizolowera."

Nyumba yosinjiramo mtedza!

"Ndiye ndikuperekeza."

"Ayi, agogo, chonde. Mukayamba kuwafunsa ngati denga lawo limadontha."

"Nanga likamadontha ndisafunse?"

Anaseka, nanenso ndinaseka, koma kuseka kwanga kunali kwa mano okha. Ndinamuikira m'chikwama phala la mgaiwa losakaniza ndi dzungu, lomwe Eddie amalikonda, pamodzi ndi supuni yake ndi kapu yake. Ndinaikanso kamalaya kopepuka kaja mobisa.

Olive anabereka mwana n'kuyamba kutsika kanjira kathu ka miyala kopita kumsewu. Ine ndinaima pakhomo.

"Usakhale kutsogolo!" ndinakuwa.

Anakweza dzanja osacheuka.

"Ukayambe ndi mtedza!"

Mawu amenewa sindikudziwa ngati anamufika. Anali atakhota kale pa mpopi.

3. Nyumba ya ku Bangwe

Zimene zinachitika kumeneko sindinazione ndi maso. Anandiuza Olive mwini, ndipo zina ndinamva kwa mayi a Herbert.

Akuti fungo la mtedza wokazinga linamuchingamira asanafike n'komwe pageti. Pabwalo panali mtondo waukulu, malichero a makoko, ndi mabotolo a chiponde atandandalikidwa pabenchi. Herbert anali akadali pamsewu, poti Loweruka ndi tsiku la makasitomala ambiri. Anati afika masana.

Mayi a Herbert anali pamkeka, akumata zivindikiro pamabotolo. Ndi mayi wojintcha, wa mawu aakulu. Olive anagwada chapatali, mawu anga ali pakhosi. Koma mayiwo anayamba ndiwo.

"Mwafika, amake mwana? Mwayenda bwanji?"

"Tayenda bwino, amayi, kaya inu tapezanu."

Moni unatsogola. Mtedza unatsalira.

"Tabweretsani kuno bamboyo. Iii, koma mwamuphika mwanayu! Juzi kutentha konseku? Mukufuna apse?"

Asanayankhe, mayiwo anali atamulanda kale n'kumuvula chipewa, juzi ndi buluku. Thukuta linali litautsa chikanga. Khosi linali lofiira, zigongono zili zong'aluka, ndipo Eddie anayamba kudzikanda ndi timanja tonse tiwiri.

Brenda, yemwe anali pakhomo akuseweretsa foni, anasuzumira.

"Eee, alamu, ndiye zafika pamenepa? Mwana ngati buluzi wofundula chonchi?"

Olive akuti anafuna pansi patang'ambika kuti alowe.

"Iwe Brenda, tseka pakamwa," anatero mayiwo. "Iweyo unali ndi zipere mutu wonse mpaka Sitandade 4, tinkakumeta ndi lezala ukulira. Amene anakutaya ndani?" Kenako anamutembenuza Eddie uku ndi uku, n'kumugwira khutu. "Taonani makutu awa, oima ngati zogwirira za poto. Awa ndi makutu a malemu bambo ake a Herbert. Mwana uyu ndi wa pakhomo pano. Khungu ndi chovala chabe, limasintha."

Anafunsa zimene timamudzoza. Olive anafotokoza zonse, za madzi ofunda, za vaselini, za zikhadabo. Mayiwo ankangogwedeza mutu.

"Mwamusamala, mwana wanga. Agogo anu akuphunzitsani bwino."

*Mwana wanga.* Mawu amenewo Olive anali atawadikira chaka chathunthu.

Ana inu amene mukuwerenga, mvetsani apa. Nthawi yonena inali imeneyi. Chitseko chinali chotsegula, mayiwo anali atafewa. Koma munthu akalandira chinthu chimene wachilakalaka nthawi yaitali, amaopa kupuma mwamphamvu kuti chingagwe. Olive anati mumtima, ndinena tikatha kudya.

Anaona kuti pa tsaya la Eddie, pamene zala za mayiwo zinagwira, patuluka timatuza tofiira. Anatiphimba ndi thaulo.

4. Chala

Mayi a Herbert anamukhazika Eddie pamiyendo n'kumamuvinitsa. Mwanayo, amene sakonda alendo, anawasekerera, mano ake awiri ali poyera.

"Koma ndi wopepuka bwanji! Mumamudyetsa chiyani?"

"Phala la mgaiwa ndi dzungu, amayi. Nthochi, mbatata, nyemba zosefa, usipa wosinja. Ndipo akuyamwabe. Phala lake ndabwera nalo."

"Dzungu! Mwana wa Herbert akule ndi dzungu ngati tilibe kanthu? Brenda, tandipatsa botolo ilo, la lero lija."

Brenda anabweretsa botolo. Mayiwo analitsegula n'kuviika chala.

"Mtondo mukuuonawo ndi umene unalera ana anga. Bambo awo atamwalira ndinalibe munda, ndinalibe ntchito. Yunifolomu ya Herbert inachokera mumtondomo, nsapato za Brenda zinachokera momwemo. Mdzukulu aliyense akabwera koyamba pakhomo pano amalawa chiponde pa chala changa. Naye alawe chimene chinalera bambo ake."

Olive anali chigwadire pamphepete pa mkeka. Anaona chala chikunyamuka. Akuti anamva mawu anga bwinobwino, ngati ndaima kumbuyo kwake. Anatsegula pakamwa. Koma anaona nkhope ya mayiwo ikuwala, anaona Brenda akujambula ndi foni, ndipo anati mumtima, n'kochepa, agogo amangoopa zilizonse.

Anatseka pakamwa.

Eddie ananyambita chala, n'kukwinya nkhope, n'kunyambitanso. Onse anaseka ndi kuwomba m'manja.

"Mwaona! Magazi sanama!"

Sipanapite nthawi. Mwanayo anayamba kudzipukuta pakamwa ndi kankhonya. Ziwengo zinatuluka kumaso, m'khosi, pamimba. Anasanza pachitenje cha agogo ake. Kenako milomo inayamba kutupa, zikope zikutsekeka, ndipo kulira kwake kunasintha, kunakhala kosasa ngati kwa kamwana ka mbuzi. Pokoka mpweya panamveka kamluzu.

"Mayo! Watsamwa!" anakuwa mayiwo. "Brenda, madzi! Bweretsa mkaka timumwetse!"

"Ayi!"

Akuti mawuwo anamveka mpaka kwa aneba. Olive anaimirira n'kumulanda mwana m'manja mwa apongozi ake.

"Musamumwetse kanthu! Sanatsamwe, ndi mtedza! Mtedza umamuwenga! Tiyeni kuchipatala, pompano!"

Amene anayamba kuthamanga anali Brenda. Anataya foni pamkeka n'kutuluka pageti wopanda nsapato, akukuwa, "Kabaza! Kabaza! Mwana akufa kuno!" Anaima pakati pa msewu mpaka njinga yamoto inaima. Olive anakwera atamukumbatira mwana pachifuwa, ndipo wanjingayo atangoona nkhope ya Eddie sanafunse za mtengo.

5. Foni

Ine tsiku lonselo sindinakhale pansi. Ndinasesa pabwalo posesa kale. Ndinachapa matewera oyera. Kafoni kanga ndinakamangirira pa chitenje, ndipo katalira ndinadziwiratu.

Anali Herbert.

"Agogo, musadandaule, koma bwerani. Tili kuchipatala chachikulu."

Munthu akayamba ndi "musadandaule" ndiye kuti zadandaulitsa kale. Ndinatsika phiri ndi masilipasi osiyana. Pamsewu minibasi inali ndi malo amodzi okha, kutsogolo. Ndinakhala pomwepo, kolona ili m'manja, ndipo ndinamuuza dalaivala kuti akuchedwa.

Ndinawapeza ku wodi ya ana. Eddie anali pa kabedi, timapaipi ta mpweya tili m'mphuno, nkhope ikadali yotupa moti makutu okha ndi amene ndinawazindikira. Koma kachifuwa kankakwera ndi kutsika. Ndinaika khutu pafupi. Kamluzu kanali katasiya.

Anamwino anandiuza kuti ku chipatala chaching'ono cha ku Bangweko anamubaya jakisoni pantchafu atangofika, kenako n'kumutumiza kuno pa ambulansi.

"Mayi akewa anachita bwino kuthamanga osayamba zina," anatero. "Akanachedwa, bwenzi tikukamba nkhani ina. Agona konkuno kuti timuone, chifukwa nthawi zina zimabwereranso."

Olive anali pansi pambali pa bedi, atagwira kaphazi ka mwana. Atandiona anabisa nkhope.

"Agogo, nenani. Nenani kuti munandiuza."

Panjira ponse ndinali nditakonza mawu ambiri. Koma nditamuona, ndinangoona kamtsikana kaja kamene ndinkakaluka tsitsi kakupita ku sukulu. Ndinakhala pansi n'kumugoneka mutu pamiyendo panga.

"Unathamanga," ndinatero. "Theka la zimene ndinakuuza unalimva."

Herbert anali chiimire pakhoma, chikwama chake cha ukondakitala chikadali m'khosi. Maso anali ofiira.

"Olive, ndinakufunsa dzulo lomweli," anatero motsitsa mawu. "Ndinati ndiwauze masteni, iwe unati ndikusiyire. Ndikanangowaimbira foni basi."

Herbert anatuluka.

6. Pa mpopi

Ndinafunsa kumene kunali mayi a Herbert. Brenda, mapazi ali fumbi lokhalokha, anandilozera kunja.

Ndinawapeza pa mpopi wa kuseri kwa wodi, pamene odikirira odwala amatsukira mbale. Ankasamba m'manja. Anapaka sopo, anatsukuluza, ananunkhiza zala, n'kuyambanso. Chala chija anali atachikhula ndi mchenga mpaka chinasupuka.

"Mayi, kwakwana," ndinatero. "Mutha khungu."

"Fungo silikuchoka, agogo. Zaka zonsezi ndili mumtedza, lalowa m'magazi." Anandiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe. "Ndi chala changa ichi. Ndinamuvinitsa, n'kumupatsa ndikuseka."

"Simunadziwe."

"Inu munkadziwa?"

"Tinkadziwa."

Tinabwerera limodzi, koma iwo anakana kulowa. Anaima panja pa windo loyang'anana ndi kabedi ka Eddie, manja atawabisa kumbuyo ngati mwana wolakwa. Olive atawaona anatuluka n'kugwada pa simenti.

"Amayi, pepani. Ndinaopa."

"Munaopa chiyani?"

"Kuti munganene kuti mwanayu si wanu."

Mayiwo anapukusa mutu. Atayamba kulankhula, mawu awo aakulu aja anali atachepa.

"Ine ndinakwiya chifukwa cha mimba ija ndi sukulu yanu, n'zoona. Koma lero ndinakulandirani. Ndinaona khungu lake, sindinanyansidwe. Ndinakutchani mwana wanga. Mukanati, 'Amayi, sambani m'manja,' ndikanasamba. Mukanati, 'Bisani mabotolo,' ndikanabisa. Mwana wa munthu saposedwa ndi botolo la chiponde. Koma inu munagwada pamenepo n'kumandiyang'ana ndikumupatsa. Akanapita mwanayu, ine ndikanakhala ndani? Anthu a mumsika akanati mayi uja anapha mdzukulu wake ndi malonda ake. Ulemu wotere, amake Eddie, ine sindiufuna. Mpongozi wondikaniza pamaso ndi wabwino kuposa wondigwadira ali chete."

Olive ankangolira.

"Ndipo pali china. Chipinda chimene ndinakukonzerani inu ndi Herbert chili pafupi ndi mtondo. Fumbi la nsinjiro limalowa paliponse, m'mabulangeti, m'mbale, m'makatani. Mwanayu akayamba kukwawa adzatola makoko pansi. Nyumba imene ili ndi mtondo uja sangakhalemo. Ndipo nyumba ija popanda mtondo sidya." Anatembenukira kwa ine. "Agogo, za chinkhoswe ziyambe zaima. Akatuluka mwanayu, mudzabwere inuyo ndi ankhoswe anu Loweruka likubwerali. Amalume ake a Herbert adzakhalapo. Tidzaone ngati pali njira."

Anasuzumiranso pawindo. Eddie anali atatsegula diso limodzi, lomwe linali litayamba kuphwa. Mayiwo anatulutsa dzanja kuti amubayibitse, koma analiyang'ana, n'kulibwezanso kumbuyo. Anachoka, Brenda akuwatsatira. Herbert anawaperekeza ku siteji osatsanzika.

Tinalowanso mu wodi. Mwanayo anayamba kudzikanda m'khosi. Ndinapisa m'chikwama n'kutulutsa vaselini ndi kamalaya kopepuka kaja. Olive anakayang'ana, n'kundiyang'ana ine. Anasamba m'manja, n'kuyamba kumudzoza pang'onopang'ono, m'khosi, m'zigongono, kuseri kwa mawondo, akulambalala timapaipi tija.

Mayi wa pabedi loyandikana nalo, amene ankadyetsa mwana wake bisiketi, ananyema kachidutswa n'kutambasula dzanja.

"Kakongola kamwanaka. Kangalawe?"

"Ayi, zikomo," anatero Olive msangamsanga, mokweza moti wodi yonse inacheuka. "Mtedza umamuwenga. Sadya chilichonse chimene sindinamukonzere ine."

Mayiyo anati pepani n'kubweza dzanja. Palibe amene anaseka. Palibe amene anakwiya.

Olive anayang'ana pawindo paja, pamene apongozi ake anaima. Panalibe munthu. Foni yake inali pabedi, ndipo Herbert anali asanaimbe.

"Agogo," anatero, "mawu onena za mtedzawa ndi ochepa chonchi?"

"Ndi omwewo."

"Nanga Loweruka ndikanena chiyani pamaso pa amalume ake a Herbert?"

Ndinamuthandiza kulowetsa kadzanja ka Eddie m'kamalaya kaja. Zigongono zinali poyera.